Sutikesi ya Boma

Ofesi yopezera anthu ntchito inali pamwamba pa sitolo ya matayala, moti fungo la labala linkakwera nafe masitepe m'mawa uliwonse. Mkati munali mabenchi achitsulo oyang'anizana ndi kawindo kagalasi, ndipo kuseri kwa kawindoko kunkakhala abambo ena adazi amene tinawapatsa dzina loti a Mubweremawa. Dzinalo sitinavutike nalo, ankalitchula okha tsiku lonse. Ine ndinali kondakitala wa basi kampani yathu isanatseke, ndiye ndinkadziyesa katswiri wa kudikira. Ndinkadzinamiza. Pasiteji basi ikadzaza mumanyamuka, koma paofesi paja benchi ikadzaza ndiye kuti tsiku layamba kumene.

Chaka chimenecho boma linalengeza kuti lithandiza malova odziwa ntchito zamanja kukagwira ntchito kunja. Pasipoti, tikiti ya ndege ndi kangachepe koyambira moyo kumeneko, zonse boma. Lamulo linali limodzi: uyenera kukhala lova weniweni, wosasakaniza. Ukangopezeka utagwira ntchito, ngakhale ganyu wonyamula thumba pamsika, dzina lako ankalifufuta. Ndiye tangoganizani. Anthu amene tinakwera masitepe aja kudzafuna ntchito tinayamba kuithawa ngati mphere. Mayi akagwetsa katundu pamsewu, tinkayamba tayang'ana uku ndi uku tisanawathandize kutola.

Pakati pathu panali Magalasi. Anali wowotcherera zitsulo, ndipo fakitale ya mafelemu a zitseko kumene ankagwira itatsekedwa, anatulukamo ndi chinthu chimodzi chokha: magalasi akuda owotcherera, amene ankayenda nawo pachipumi tsiku lililonse ngati kuti wina amuitana nthawi ina iliyonse. Dzina lake linali m'gulu loyamba, lopita kudziko lozizira kukawotcherera sitima zapamadzi. Enafe tinkapita ku ofesi kukataya nthawi ndi kuthawa maso a akazi athu, koma iye ntchito ankaifunadi. Ukamuyang'ana manja ake ali lende pamaondo, chisoni chinkakugwira.

Benchi yathu inali ndi mwendo wothyoka umene tinkauchirikiza ndi njerwa. Wina akadzuka mwadzidzidzi, tonse tinkapendama. Magalasi ankauyang'ana mwendo uja zala zikumuyabwa.

"Kandodo kamodzi kokha kowotcherera," ankatero, "benchi iyi adzukulu athu adzadikiriraponso."

"Taigwira uone," tinkamuseka. "A Mubweremawa alemba kuti wapeza ntchito."

Akamva zimenezo ankabisa manja m'khwapa.

Tsiku lina kunabwera mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, mwini galaja ya malole kumapeto kwa tauni. Anakwera masitepe ovolosi ili mafuta okhaokha, n'kuima pakhomo.

"Alamu," anatero mokuwa ngati ali kugalaja kwake, "wowotcherera wanga wandithawa. Bwerani mawa muyambe. Ntchito yokhazikika, osati zamaganyu."

Tonse tinacheukira kukhomo. Mawu oti ntchito anali asanamvekepo mokweza chonchi m'chipinda chimenecho. Magalasi analumpha, benchi n'kutipendamitsa, n'kumukokera mlamu wake kumasitepe. Koma masitepe aja sasunga chinsinsi, tinamva zonse.

"Alamu, tsitsani mawu, mundiphetsa! Ine ndili m'gulu la ndege."

"Ndege yake iti? Mlongo wanga akupalasa makina osokera mpaka miyendo kutupa, inu mukudikira ndege pamwamba pa matayala?"

"Mwezi uno sutha tisananyamuke. Atiuza."

"Anakuuzaninso mwezi watha. Chabwino, malowo ndikusungirani pang'ono chifukwa cha mlongo wanga. Koma malole sadikira munthu."

Patapita masabata angapo tinaona zachilendo: a Mubweremawa anatuluka kuseri kwa kawindo. Ena tinali tisanadziwe kuti ali ndi miyendo. Anali atamanga tayi, ndipo pambuyo pawo panali wojambula zithunzi wa ndevu zosongoka wochokera kulikulu. Anatifotokozera kuti akuluakulu akufuna umboni woti ndondomekoyi ikuyenda, ndipo ndalama za matikiti sizituluka mpaka ataona kuti anthu ayamba kunyamuka. Wina kumbuyo anafunsa kuti anthu anyamuka bwanji ndalama za matikiti zisanatuluke. A Mubweremawa anamuyang'ana momumvera chisoni, mmene umayang'anira munthu amene sukulu inamukana.

"N'chifukwa chake tabweretsa kamera," anatero.

Mesenjala anatsegula kabati yapakona n'kutulutsa sutikesi yabuluu, jasi lalikulu laubweya ndi chinsalu chojambulidwa ndege. Chilichonse chinali ndi nambala ya boma yolembedwa ndi penti yoyera. Wojambula uja anatiyang'ana mmodzimmodzi ngati akusankha nkhuku pamsika. Ine anati ndanenepa kwambiri, anthu sangakhulupirire kuti ndinali pa ulova. Mmisiri wa matabwa amene ndinakhala naye pafupi anamuuza kuti nkhope yake ndi ya munthu amene akapita sabwerera. Atafika pa Magalasi anaima.

"Awa. Magalasiwo asachotse. Muli ndi mkazi, bambo?"

Mkazi wake anali telala pakhonde la sitolo ina chakumsika. Anakamutenga mmene analili, tepi yoyezera ili m'khosi, ulusi uli kumutu. Anapachika chinsalu cha ndege kuseri kwa sitolo ya matayala, dzuwa likuswa mtengo, n'kumuveka Magalasi jasi laubweya lija. Thukuta linayamba kamukamu asanamange n'komwe mabatani. Atanyamula sutikesi, wojambula anatsitsa kamera.

"Ikuonekeratu kuti mulibe kanthu. Ikanimo zolemera."

Mesenjala anathamanga kumwamba n'kubwera ndi mulu wa mafayilo athu. Motero mafayilo ndiwo anayamba ulendo ife tisanayambe, ngakhale unali wongotsika masitepe.

"Mayi, imikani dzanja, mukutsazika," anatero wojambula. "Nkhope ikhale yachisoni pang'ono, koma yothokoza boma."

"Zonse ziwiri nkhope imodzi?" anafunsa mayiyo. Kenako anatembenukira kwa a Mubweremawa. "Nanga bambowa akupita liti?"

"Chithunzichi chikangofika kulikulu, mayi, zonse zithamanga."

Mayiyo anaimika dzanja. Ndikunena zoona, misozi imene inalengeza m'maso mwake sinali yochita kupemphedwa. Mayi uja anali atatopa, ndipo kwa kamphindi anakhulupirira. Magalasi naye anaima nji, chifuwa patsogolo, sutikesi ikumukoka phewa. Ife tinaomba m'manja, nsanje ikutidya.

Chithunzi chinatuluka, ndipo sichinatuluke mwamasewera. Anachiika pachikwangwani chachikulu ngati khoma la nyumba pamphambano ya kudepoti, china m'nyuzipepala, china pakhoma la ofesi pamwamba penipeni pa benchi yathu. Pansi pake analemba kuti DZULO LOVA, LERO ALI KUNJA. M'mawa uliwonse Magalasi ankafika, n'kukhala pansi pa chithunzi chakecho, n'kudikira pamodzi nafe.

Kunyumba kwake foni inasiya kupuma. Azakhali ankafuna bulangete la kunja. Msuweni amene sanaonekepo chiyambire ulova ankafuna nsapato, ndipo anatchula kale saizi. Eninyumba anakweza lendi, ati nyumba ya munthu wa kunja singafanane ndi za ena. Magalasi atapita kukadzionetsa kuti alipo, eninyumbawo anamulandira ndi manja awiri n'kumufunsa kuti tchuthi chake chitha liti. Pamsewu ena ankamunong'oneza kuti, "Anakugwirani ndi chiyani kuti akubwezeni msanga chonchi?" Ena ankati uyu ndi mng'ono wake wa uja wa pachikwangwani, amene zake sizikumuyendera.

Koma tisanamize anthu, chithunzi chinagwira ntchito. Kulikulu anakondwa, ndalama zinatuluka, ndipo m'mawa wina tinapeza mayina a gulu loyamba atamatidwa pachitseko. Anthu anaunjikana, kupondana zala. Mmisiri wa matabwa uja anapeza lake n'kukhala pansi pomwepo. Magalasi anatsitsa chala kuyambira pamwamba mpaka pansi, n'kubwereza kuchokera pansi. Kenako anapita pakawindo.

"Bwana, dzina langa palibe."

A Mubweremawa anagogoda kompyuta ndi chala chimodzi, mmene ankachitira nthawi zonse. Anawerenga, n'kugwedeza mutu mokhutira.

"Eya, zili bwinobwino. Inu munanyamuka."

"Ndinanyamuka?"

"Mwezi watha. Ndinu munthu woyamba kuthandizidwa m'chigawo chino."

"Bwana, ndine pano. Mukundiona."

"Kukuonani ndikukuonani. Koma ine ndi ofesi ndife anthu awiri osiyana. Ofesi ikudziwa kuti muli kunja."

"Nanga malo anga pandege?"

"Muli munthu kale."

"Ndani?"

"Inuyo."

Pabenchi wina anaseka, kenako anazindikira kuti akuseka yekha n'kukhosomola. Magalasi anagwira m'mphepete mwa kawindo ndi manja onse awiri. Mawu ake anatsika, ndipo mawu a munthu wotere akatsika ndiye kuti zafika pamtima.

"Bwana, munandiveka jasi ndi manja anu. Sutikesi ija ili m'kabati umo. Ingokonzani, mulembe kuti ndilipo."

"Ndilembe kuti mulipo? Ndiye kuti ndikunena kuti akulikulu ananama, nyuzipepala inanama, chikwangwani chikunama. Mukufuna ndalama zibwerere, anzanu onsewa atsike ndege asanakwere? Akupita chifukwa cha inu, bambo. Muzinyada. Komanso boma silithandiza munthu mmodzi kawiri, ena angadandaule."

Apa m'pamene ndinaona kuti njala imaluma mtima usanalume mimba. Amene mayina awo anali pachitseko anayamba kuyang'ana pansi, ena kudenga. Mmodzi anachita kumusisita Magalasi pamsana n'kumuuza kuti asakokere nkhani patali, zinthu zingaonongekere aliyense.

Masana omwewo ndinamuperekeza kugalaja ya mlamu wake. Njira yake inadutsa pamphambano ya kudepoti, ndipo tinayenda pansi pa chikwangwani chija osadzutsa mutu. Tisanafike n'komwe pageti tinamva kulira kwa makina ndi kuona moto wabuluu ukuthetheka pansi pa lole. Munthu wina anali chogona pamenepo, akuwotcherera. Magalasi anaima n'kuyang'anitsitsa msoko umene munthuyo ankasiya pachitsulo, milomo ikugwedera ngati akufuna kumulangiza.

Mlamu wake anatuluka akupukuta manja, n'kuima kukamwa yasa.

"Alamu! Mwabwera liti?"

"Sindinapite."

"Simunapite bwanji? Ndinakuonani pachikwangwani ndi maso angawa ndikuyesa lole pamsewu, jasi lili thi, mlongo wanga akulira. Ndinapsa mtima kuti mwanyamuka osanditsazika, mpaka ndinalumbira kuti foni sindiimba, muyambe ndinu." Anamvetsera nkhani yonse akukanda kumutu. "Ndiye nditani, alamu? Munthu uyu ndamulemba kale, ali ndi ana. Ndimuchotse chifukwa inu mwatsika pachikwangwani?"

Gulu loyamba linanyamukadi. Tinamva kuti ku bwalo la ndege kunalibe wojambula, poti chithunzi chinalipo kale. Magalasi anapitiriza kubwera ku ofesi, chifukwa munthu amene wazolowera kudzuka n'kupita kwinakwake sadziwa kukhala pakhomo. Sankalankhulanso za sitima. Ankangokhala, maso ali pa mwendo wa benchi.

Ndiye m'mawa wina a Mubweremawa anamuitana okha, nkhope ili mwee.

"Bambo, nkhani yanu yandisowetsa tulo, koma Mulungu ndi wabwino. Kwabwera ndondomeko yatsopano yothandiza amene abwerako kunja kuti ayambe bizinesi kwawo. Owotcherera akulandira makina atsopano, a m'katoni. Inu munapita, si choncho? Chatsala n'kubwera basi."

Ndinamuona Magalasi akumeza mate. Makina akeake! Akanatha kuika pakhonde lililonse, kupanga mageti, mawindo, mbaula, osagwadiranso munthu. Anadziwa kuti akumuseweretsa, nafenso tinadziwa, koma mawu oti makina anali atalowa kale m'magazi.

"Ndichite chiyani, bwana?"

"Kachithunzi kamodzi kokha. Akulikulu akufuna umboni woti anthu ayamba kubwerako. Kaitaneni mayi adzakulandireni."

Mayi anabwera, koma anaima pamwamba pa masitepe osalowa. Anayang'ana sutikesi yabuluu imene mesenjala anali ataitulutsa kale, anayang'ana jasi, kenako mwamuna wake.

"Bambo, ine ndinaperekeza munthu kuseri uko, ndinalira pamaso pa anthu, tauni yonse ikundiona pamphambano tsiku ndi tsiku. Lendi ya munthu ameneyo ndikulipira ndine. Wobwerayo amulandire eniake amene anamutumiza."

Anatsika masitepe osathamanga, tepi ikugwedera m'khosi. A Mubweremawa sanataye mtima. Anati boma silisowa njira, ndipo anaitana mayi wotayipa makalata kuti aime chofulatira kamera, manja ali tambalale. Motero Magalasi anabwerako kunja atanyamula sutikesi ya boma, atavala jasi la boma, n'kulandiridwa ndi mkazi wa boma. Ulendo uno palibe anaomba m'manja.

Chikwangwani chatsopano chinakwera pamphambano pomwe paja: WABWERAKO NDI LUSO, LERO NDI BWANA. Magalasi anadikira kuti penti yake iume, n'kupita pakawindo kukafunsa za makina.

"Palibe vuto," anatero a Mubweremawa. "Tangondipatsani pasipoti ndione chidindo cha ku bwalo la ndege chosonyeza tsiku limene munalowa."

"Pasipoti simunandipatse, bwana."

"Aa. Ndiye munalowa bwanji m'dziko muno?" Anatsitsa mawu ngati akumuchitira chifundo. "Nkhani imeneyo musamaikambe mokweza, ingakuvuteni. Popanda chidindo makina satuluka. Lamulo si langa."

Magalasi anachoka pakawindo. Anabwerera kubenchi, koma asanakhale mesenjala anafika akupotokola zala, maso ali pansi, poti naye anali munthu.

"Pepani, achimwene. Andituma kuti mabenchiwa ndi a malova. Inu mukompyuta mukuoneka kuti muli ndi bizinesi."

Ndinayembekezera kuti aphwanya galasi la kawindo, ndipo kunena zoona ndinkafuna atatero. Koma anangoima, n'kutiyang'ana tonse amene tinali pabenchi paja.

"Ndiye kuti sindinenso lova?" anafunsa.

"Ayi, achimwene."

"Palibenso dzina loti alifufute?"

"Palibe."

"Tadzukani," anatiuza.

Tinadzuka. Anakankha njerwa ija ndi phazi, n'kuikweza benchi paphewa. Inali yaitali ndi yolemera, ndipo pokhota pamasitepe inkagunda khoma uku ndi uku. Munthu mmodzi akanangogwira kumapeto, zikanapepuka. Koma kunyamula benchi ndi ntchito, ndipo a Mubweremawa anali akuyang'ana, choncho amuna athunthu tinaima manja kumbuyo ngati tili pamaliro a munthu wosamudziwa.

Pansi anabwereka makina ang'onoang'ono owotcherera amene a sitolo ya matayala ankakonzera marimu. Tinaunjikana pawindo kumuonera. Anaigoneka benchi chagada, anapala dzimbiri pamwendo wothyoka uja mosafulumira, kenako anakweza dzanja pachipumi n'kutsitsira magalasi aja m'maso. Chidziwireni munthu uja, aka kanali koyamba kumuona atawavala pamalo pake. Moto unathetheka. Dzanja limene tinkaliona lili lende pabondo linayenda mowongoka, osagwedera ngakhale pang'ono, ndipo mwini sitolo anasiya kasitomala n'kubwera kudzaonerera. Atamaliza mwendo wothyokawo anaunikanso inayo, n'kuilimbitsa yonse.

Anaikweza yekha, n'kuiika pamalo pake pansi pa chithunzi chake. Anaigwedeza ndi dzanja. Sinasunthe.

"Khalani," anatero.

Kuseri kwa kawindo a Mubweremawa anasuzumira, n'kumwetulira ngati mphunzitsi amene mwana wake wakhoza mayeso.

"Mwaona inu? Wayamba kale ntchito. Enanu muzitengerapo chitsanzo."

Magalasi sanacheuke. Ntchito inali itatha, moto unali utazima, koma magalasi akuda aja sanawakwezenso pachipumi. Anatsika nawo masitepe ali m'maso, akupapasa khoma, ndipo pansi pa galasi lakumanzere panali kamzere konyowa kotsikira kuchibwano. Sanabwerenso ku ofesi kuja.

Benchi ija mpaka lero siigwedera ngakhale pang'ono. Ndikudziwa chifukwa ndimakhalapo.